Mwana wanga atakana ufiti

Mwana wanga wamkazi anabwera kuchokera kusukulu mano onse ali pamtunda, nati amusankha kukhala m'sewero. Ine ndinali ndikuvula nsapato, nditangoweruka kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito kuno ku Mississauga, m'dziko la Canada. Ndinamufunsa kuti akhala ndani m'seweromo.

"A witch, mom. Well, amangondi-accuse, koma I'm not."

Ndinakhala pansi nsapato imodzi ikadali kuphazi. Ine ndinakulira ku Ntcheu, ndipo kwathu dzina lakuti mfiti likakumata silichoka ndi sopo. Azakhali anga analozedwa chala khanda la pakhomo loyandikana nawo litamwalira. Anthu anawauza kuti angovomera, apepese, nkhani ithe. Iwo anakana, ndipo mpaka imfa yawo ankapita okha kuchitsime, ana akuthawa akawaona. Ndiye mwana wanga wobadwira m'chipatala cha ku Toronto ankasangalala kuti avala dzina limeneli ngati chipewa chatsopano.

Sewerolo linali la azungu akalekale. Atsikana a m'mudzi wina anayamba kutchula anthu kuti ndi mfiti, ndipo bwalo la milandu linkamanga aliyense wotchulidwa. Wovomera bodzalo ankapulumuka, wokana ankanyongedwa. Mwana wanga anapatsidwa mbali ya mayi wachikulire womangidwa.

Nkhani siyinachedwe kufika kutchalitchi kwathu, kumene Amalawi ndi anzathu a ku Zambia timapemphera limodzi. Mayi wina wa ku Chipata, mtsogoleri wa gulu la amayi, munthu wabwino koma wapakamwa pa mpeni, anandipeza ndikutsira tiyi.

"Ba sister, tamvela kuti ku school bamuphunzitsa vaufiti mwana wanu. Muziona bwino."

Ndinapsa mtima, komanso ndinachita mantha. Mawu otere akakwera foni kupita kumudzi amakafika atamera miyendo, ndipo mwana wanga akanakhala "uja wa zaufiti" ngakhale pa tsiku la ukwati wake. Ndinagula matikiti a mzere wathunthu n'kuitana amayi onse kuti akadzionere okha.

Mwanayo atamva, anagwira kumutu. "Mom, no! Anthu anu sakhala chete. Mundi-embarrass pamaso pa everyone."

Sankanama. Kwathu sewero sitionera pakamwa potseka. Woipa timamukuwiza, wopusa timamulangiza, wolira timalira naye mokweza. Ndinamulonjeza kuti tidzakhala ngati miyala, ndipo tsiku la sewerolo pakhomo pa holo ya sukulu ndinawachenjeza amayiwo ngati ana a sande sukulu. Tinalowa titavala zitenje pansi pa majekete achisanu, tinadzaza mzere wathu, azungu akutimwetulira mwaulemu wawo uja.

Gawo loyamba tinayesetsa ndithu. Kunkangomveka "Hee!" wapansipansi, ndi kutsonya kumodzi pamene mtsikana wonamizira anzake anadzigwetsa pansi. Kenako anamutulutsa mwana wanga, tsitsi atalipaka zoyera, manja omangidwa, akuyenda motsimphina. Mayendedwe ake anali a azakhali anga, amene iye sanawaonepo.

Woweruza, mnyamata wamtali wovala mkanjo wakuda, anamuuza kuti avomere kuti ndi mfiti ndipo akhala ndi moyo. Mwana wanga anaweramitsa mutu n'kukhala chete. Ine ndinkadziwa kuti kukhala chete kumeneko anachita kuphunzitsidwa, chifukwa ankayeserera kukhitchini. Koma mayi wa ku Chipata sankadziwa. Anaona kuti mwana wasowa womuthandiza, ndipo anadzambatuka.

"Usavomele, mwana wanga! Ni boza! Usavomele!"

Holo yonse inatembenuka. Ndinawakoka chitenje, koma amayi ena anali atalowerera kale: "Kana, mwanawe! Kana!" Woweruza uja anaiwala mawu ake, anangotong'ola maso. Ndinaona milomo ya mwana wanga ikunjenjemera, ndipo ndinkadziwa kuti akulimbana ndi phwete. Anapuma, anadzutsa mutu, ndipo ndi mawu omveka mpaka kumbuyo anakana, nati sanganame kuti agule moyo.

Nthungululu inaphulika. Lonjezo langa ndinaliiwala, yanga ndiyo inali yokweza kuposa zonse, misozi ikuyenderera. Azungu anayamba kuseka, kenako kuwomba m'manja pakati pa sewero, ndipo bambo wina wa imvi kutsogolo kwathu anayesa nthungululu, ikumveka ngati nkhuku yotsamwa.

Sewero litatha, mphunzitsi wa ana a m'seweromo anabwera kudzatigwira chanza mmodzimmodzi, akufunsa ngati tingabwerenso mawa lake. Mwana wanga anatulukira atakwinya nkhope, koma mayi wa ku Chipata anamukumbatira osamusiya, akumuuza kuti achita bwino osamvera woweruza wopanda nzeru uja. Mwanayo anafuna kufotokoza kuti zonse zinalembedwa kale, koma anangogonja n'kuseka mpaka zoyera za kumutu zinathothokera pa jekete la mayiwo.

Dzina linamumatadi, monga ndinkaopera. Lamlungu lotsatira, titangolowa m'tchalitchi, amayi anakodolana, ndipo mpaka lero, ngakhale achibale a ku Ntcheu amene anaonera kanema wake pafoni, akafuna kufunsa za iye amati, "Ali bwanji uja anakana?"

Azakhali anga palibe anawaitanapo choncho.