Kunenepa kwa achemwali

Achemwali anga ndi telala, ndipo chabwino chilichonse chimayambira kwa iwo: nkhope, makina osokera, mwamuna wofatsa. Chaka chatha anayambanso kunenepa. Masaya anadzaza, mphete inakanirira pachala. Anthu ankati, "Banja lawayanja!" Ine, wouma ngati ndodo, mtima unkandiwawa.

Tsiku lina atadwala, nditawaperekeza kuchipatala, namwino anawadina mwendo ndi chala, pamalopo panatsala kadzenje.

"Si mafuta awa mayi, ndi madzi," anatero. "Impso zatopa, sizikusefanso bwino, ndiye madzi akungodzazana m'thupi."

Manyazi anandigwira, sindikana. Koma dzulo ndinapeza alamu atagwada, akuwavula nsapato pang'onopang'ono. Mwamuna wangayo ndikadwala amangofunsa kuti ndiphika nthawi yanji.

Achemwali inu, ngakhale podwala mukundiposabe!