Mowa wolowera kumsana

Amayi anga ankadana ndi mowa kuposa Satana weniweniyo, ndipo chifukwa chinalipo. Abambo anatichotsa ku Katete n'kubwera nafe ku komboni ya Chawama atapeza ntchito yonyamula matumba m'tauni, koma kachasu anawadya mpaka kuwamaliza. Pa maliro awo amayi anaimirira pamaso pa anzawo a chigwirizano, atavala bulauzi yoyera ya mpingo, n'kulumbira kuti, "Ine mowa sudzadutsa pakamwa panga mpaka ndilowe m'manda." Komboni yonse inamva.

Ndiye onani nthabwala zake za Mulungu. M'nyumba yogundana ndi yathu munkakhala mayi wa Chibemba wophika kachasu m'dilamu. Pampopi ankakumana m'mawa uliwonse, moni wake wa m'mano basi. Amayi sankamutchula n'komwe dzina. Ankangoti "wa dilamu uja".

Matenda anabwera zaka zija tinkafola mizere ya saladi, mafuta ophikira aja, ndi sopo. Ine ndinali ndi ana anga kale, ndikugulitsa tomato pamsika. Amayi anayamba kudandaula m'mimba, ululu wake wobowola mpaka kumsana. Anaonda, maso anachita chikasu. Ku chipatala chachikulu anatiuza kuti ndi khansa, ili m'kati kuseri kwa chifu, ndipo tachedwa. Mapilitsi ankangowagonetsa, nthawi zina osapezekanso. Ankakhala pamphasa atapinda maondo mpaka pachifuwa, akuluma chitenje kuti adzukulu asamve. Ndinkachita kuthawira kumsika, chifukwa kuwaona choncho kunkandidula mtima.

Tsiku lina dokotala wina, wa gulu lija logonetsa anthu pa opaleshoni, anatiitana. Iye ankalankhula Chingelezi, nesi n'kumamasulira. Anati kuseri kwa chifu kuli mtolo wa mitsempha imene imanyamula ululu. Khansayo sangaichotse, koma mitsemphayo angathe kuipha. Amayi agona chafufumimba, awabaya singano zazitali kumsana, mbali iyi ndi iyi, n'kuthiramo mankhwala.

"Mankhwala ake otani?" anafunsa amayi.

Nesi uja, pofuna kuti gogo amve msanga, anaseka. "Ni sipiliti, amai. Monga kachasu chabe, koma wamphamvu maningi."

Mayo ine! Ndinafuna kumutsina mlomo. Amayi anamanga chitenje, n'kundiyang'ana. "Tiye kwathu."

Kunyumba ndinakalipa, sindibisa, ine mtima wanga ndi wapachala. "Amayi, ndi mankhwala amenewa! Ndani wakupatsani botolo?" Abusa anabwera, anafotokoza bwinobwino kuti kuchipatala kulibe tchimo lotere. Atangotuluka, amayi anati, "Abusawo sanakwatiwepo ndi chidakwa." Nkhani inathera pomwepo, ululu n'kumapitirira. Anafika poleka ngakhale kuimba, munthu amene ankatsuka mbale ndi nyimbo.

Nyumba za mukomboni zilibe chinsinsi, ukayetsemula aneba amayankha. M'mawa wina ndikusesa, ndinangoona mayi wa dilamu uja akulowa, wopanda ndi odi yemwe, akununkha utsi. Anakhala pansi pafupi ndi mphasa ya amayi.

"Imwe ba mayo," anatero, "pa malilo ya bamuna banu nenzeko. Nenze kumbuyo, ku mapoto. Munakamba kuti bwanji?"

Amayi anatembenukira kukhoma.

"Munakamba ati mowa siuzapita pakamwa panu. Ninamvela na matu yanga aya. Manje iyo nyeleti ya ba dokota bazakulasani nayo pakamwa?"

Mayi uja anasendera pafupi.

"Pamusana simunalumbile, ba mayo. Ine nagulisa kachasu zaka na zaka. Bamwela mu kapu, mu botolo, benangu mu chikopo. Koma womwela kumusana sininamuonepo."

Ndinaona mapewa a amayi akugwedezeka. Ndinathamanga poganiza kuti ululu wakula, koma ayi, ankaseka! Ankaseka atagwira pamimba, misozi ili mbwee. "Mfiti iwe," anatero, "tuluka m'nyumba mwanga." Mayi uja anatuluka akupukusa mutu. Patapita kanthawi amayi anandiitana. "Undisitire chitenje chabuluu chija. Mawa tikwera basi."

Tsiku lobaya ndinadikira pabenchi panja, ndikupemphera mosalongosoka. Sizinatenge nthawi yaitali. Anawatulutsa atagona, n'kutiuza kuti asadzuke msanga chifukwa magazi amayenda mofooka munthu akangobayidwa. Amayi, mwa khalidwe lawo, anadzuka. Chizungulire chinawabweza pa pilo.

"Kodi kuledzera kwake n'kumeneku?" anandifunsa. "Abambo ako ankafera zimenezi?"

Masiku oyamba anatsegula m'mimba, ndipo pobayidwa paja pankawawa. Koma ululu waukulu uja unangoti zii, ngati wina wazimitsa wailesi yosokosa. Anawongola miyendo. Anagona chagada koyamba chiyambire matenda.

Tinkadziwa kuti khansa ikupitiriza ntchito yake, dokotala sanatinamize. Komabe miyezi imeneyo, kuyambira mvula mpaka kuzizira, ndinali wosangalala, ndipo ndikunena mosachita manyazi. Amayi ankamwa phala la nsinjiro n'kupempha lina. Ankakhala pakampando panja kuwothera dzuwa, akudzudzula ana a eni ake. Nyimbo zinabwerera. Bulauzi yoyera ija inali itawakulira, tinaimanga ndi mapini, n'kupita nawo ku chigwirizano atandikoloweka mkono.

Madzulo mayi wa dilamu ankabwera ndi lichero la mtedza, awiriwo n'kumasenda akukangana. Amayi sanasiye kumulalikira, iyenso sanasiye kuphika. Akamadutsa ankakuwa, "Muli bwanji ba kasitoma banga?" Amayi ankamuponyera chikoko cha mtedza.

Anatisiya nthawi yozizira, ali pamphasa yawo, miyendo itawongoka. Pa maliro anthu anadzaza mpaka mumsewu. Mtsogoleri wa chigwirizano anaimirira n'kunena mbiri ya amayi. Pomaliza anakweza dzanja. "Mayi uyu anasunga lumbiro lake. Mowa sunadutse pakamwa pake!"

Kumbuyo, ku mapoto, kunamveka mawu amodzi, okweza ndithu: "Pakamwa, eee!"

Azimayi a chigwirizano anacheuka modabwa. Ine ndinadziphimba kumaso ndi chitenje chabuluu chija. Anthu anandigwira mapewa, akuti limba mtima mwanawe, limba mtima. Sankadziwa kuti m'kati mwa chitenjemo ndinkaseka. Ndinaseka mpaka kuseka kuja kunasanduka kulira, ndipo amene anabwera kudzandidzutsa, manja akununkha utsi, anali mayi wa dilamu uja.