Che Yunusu ndi foni ya Mayi Modester

Pa Nsanama panalibe wosawadziwa Che Yunusu okonza mawailesi. Zaka makumi atatu ankakhala pakhonde la sitolo ina m'mbali mwa msewu wa ku Nayuchi, kathebulo patsogolo, chitsulo chowotcherera mawaya chili pambaula. Wailesi yakufa ankangoigogoda kawiri, kuiika pakhutu, basi adziwa pamene pavuta. Chimene ankadana nacho ndi kufunsa. "Ntchitoyi ndinaphunzira ndekha," ankatero.

Anthu atayamba kumvera nkhani pafoni, khonde lija linazizira. Sabata inkatha osagwira wailesi ndi imodzi yomwe. Akazi awo, Abiti Hussein, anayamba kukazinga zitumbuwa kuti ana adye. Mlamu wawo Bilali, wokonza mafoni ku Liwonde, anabwera katatu konse.

"Alamu, tiyeni mukakhale kwanga mwezi umodzi. Manja muli nawo kale."

"Iyayi. Iwe ndinakuona ukuyenda wopanda kabudula, lero undiphunzitse ine?"

Maso nawo anali atayamba kuchita chifunga, koma magalasi ankati ndi a nkhalamba.

Lachisanu lina pochokera kumzikiti anapeza Mayi Modester akuwadikira. Malemu amuna awo ankakonzetsa wailesi pakhonde pomwepo. Mayiwo anamasula mpango, natulutsa foni yosayaka.

"Muli mawu a mwana wanga Kevin umu, uja anamwalirira ku Joni. Ndimamumvera tsiku ndi tsiku. Anyamata amasiku anowa sindiwakhulupirira, n'chifukwa ndabwera kwa inu."

Mumtima Che Yunusu anadziwa kuti sangaithe. Mawu oti "pitani nayo ku Liwonde" anafika pakhosi n'kubwerera.

"Mubwere Lolemba, mayi."

Mayiwo atapita, Che Yunusu anaikanula foniyo ndi mpeni. M'katimo munali tinthu ting'onoting'ono ngati chitowe, toti maso awo sankatisiyanitsa. Anaika chitsulo chamoto pamalo pamene ankaganizira kuti pavuta, ndipo kunamveka fungo la pulasitiki wopsa.

M'mawa mwake anakwera minibasi ya ku Liwonde, foni ili m'thumba la mkanjo. Bilali anaiyang'ana pagalasi lokulitsa zinthu, napukusa mutu.

"Linali vuto la batire chabe. Apa mwaotcha pamene pamasungika zonse."

"Yesani, alamu. Ndakugwirani mwendo, yesaninso."

Bilali anayesa mpaka dzuwa kupendeka, koma foni sinayake.

Lolemba Che Yunusu ananena zonse osabisa, maso ali pansi. Mayi Modester sanawakalipire. Anatola zidutswazo chimodzichimodzi, nazikulunga mumpango.

"Ndiye mawu akewo apita kuti, Che Yunusu?"

Mayiwo anaima pang'ono ngati akudikira yankho, kenako anawoloka msewu.

Sabata yomweyo Che Yunusu anamanga zida zawo napita kwa Bilali. Lero patha miyezi itatu. Amakhala pabenchi kuseri kwa kauntala, kumasula ndi kumanga mafoni akufa, tisikuluwu tikuwapulumuka m'zala n'kutayika pansi. Zimene aphunzira m'mawa, pofika madzulo zasokonekera. Bilali amawalemekeza, koma foni ya kasitomala sanawagwiritsebe.

Dzana Abiti Hussein anatumiza uthenga: chimanga chatha, kuli ganyu wookera mpunga kudambo, abwerere. Che Yunusu, pa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu, khasu sanaligwirepo chichokereni kusukulu. Uthengawo sanauyankhe mpaka pano.