Nambala Yaing'ono ya Anti Evelina

"Iwe Upile, nambala yaikuluyi ndikuiona, ndi yosangalatsa. Nanga yaing'onoyi, imene akundidzudzula nayo kuntchitoyi, ndi ya chiyani?"

Anandifunsa choncho Anti Evelina Chikakuda itangopita Khrisimasi, ndili kwawo ku Beech Grove, pafupi ndi Indianapolis, kwa sabata imodzi. Ndinawauza kuti yaikuluyo, 300, ndi liwiro la zinthu zolowa m'nyumba pa intaneti, monga mafilimu ndi nyimbo. Yaing'onoyo ndi liwiro la zotuluka, nkhope yawo ndi mawu awo popita kwa munthu amene akulankhula naye. Tsiku limenelo inali pa 19. Anailemba kuseri kwa envelopu, ine n'kubwerera kwathu ku South Bend. Zotsatirazi anandifotokozera okha pambuyo pake, zina ndinazimva pa foni ya bambo anga, amene sadziwa kulankhula osaika pa sipika.

Anti Evelina kwawo ndi ku Ntcheu. Anali mphunzitsi wa Chingerezi pa sekondale ina ku Balaka, ndipo anabwera kuno ku America mu 2011 kutsatira amuna awo, a Kenan, amene ankaphunzira ku South Bend. Uphunzitsi unathera pa bwalo la ndege. Zaka khumi ndi ziwiri anagwira m'nyumba zosamalira okalamba, kunyamula anthu olemera kuposa iwo, mpaka msana unayamba kuwakana. A Kenan ankayendetsa galimoto yonyamula magazi okayeza m'zipatala za ku Indianapolis. Mu 2023 anagwa pa khomo la nyumba yawo ndi sitiroko. Anadzuka dzanja lamanja litafa, mawu atatsala atatu kapena anayi.

Apa m'pamene ntchito yomasulira inawapeza. Kampani ina imalumikiza madokotala ndi omasulira pa vidiyo, ndipo olankhula Chichewa ndi osowa. Odwala ena ndi Amalawi, koma ambiri ndi a ku Congo amene anakulira pa kampu ya Dzaleka. Anti ankakhala pa tebulo m'kachipinda kakang'ono, mahedifoni kumutu, chitseko chili chotsekula pang'ono kuti a Kenan akatsokomola amve. Ankati m'moyo wawo wonse wa ku America, iyi ndi ntchito yoyamba imene inafuna mutu wawo osati msana. Koma chachikulu chinali chakuti ankagwira ali pakhomo, mapazi asanu kuchokera pa mpando wa amuna awo.

Kampaniyo inali ndi lamulo lake. Ukamalowa 8 koloko m'mawa, pulogalamu yawo imayeza yokha intaneti yako, ndipo nambala yaing'ono ija isatsike pa 10. Ukalephera katatu m'miyezi itatu, akuchotsa pa mndandanda. Ulendo woyamba Anti analephera mu Disembala, nambala ili pa 2.

Anachita zonse zimene munthu angachite. Rauta, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba, inali m'kabati ya magalasi, kuseri kwa mbale za alendo, itafunditsidwa kansalu koluka kuti isagwire fumbi. Anaitulutsa. Anagula waya wautali n'kulumikiza kompyuta ku rauta, chifukwa anamva kuti Wi-Fi imafooka ikamadutsa makoma. Anaitana munthu wa kampani ya intaneti, amene anafika masana, anayeza pa khoma n'kupeza 20, n'kunena kuti zonse zili bwino. Anafunsa za faiba, waya wa intaneti yothamanga kwambiri, anawauza kuti mumsewu mwawo sinafike.

Ndiye poti ndi mphunzitsi, anagula kope. Ankayeza m'mawa, masana ndi madzulo, n'kulemba tsiku, nthawi, nambala, ndiponso amene ali m'nyumba. Madzulo nambala yaikulu inkatsika pang'ono, msewu wonse ukamaonera mafilimu, koma imeneyo sinali vuto. Yaing'ono inkakhala pa 18, 19, tsiku lonse. Masiku ena okha, kuyambira cha m'ma 7:30 mpaka 9, inkagwa n'kukhala pa 1 kapena 2. Patatha masabata awiri anayang'ana mzere wa mayina uja. Anati anatseka kopelo n'kuliika pansi pa Baibulo.

M'chipinda chapansi munkakhala a Hamilton, akulu awo a Kenan. Anabwera kuchokera ku Ntcheu mu Novembala kudzathandiza kudwazika. Ndi mkulu wa mpingo, wazaka 71, ndipo ndi amene analera a Kenan makolo atamwalira, n'kuwaphunzitsa mpaka ku koleji. Kuno ankawameta ndevu, kuwasambitsa, kuwaimbira nyimbo za ku Sande sukulu. Masiku atatu kapena anayi pa sabata ankavala jekete ndi tayi m'mawa, n'kudzijambula akulalikira kwa mphindi makumi anayi, pa foni yatsopano imene anaitchera kuti izijambula zowala kwambiri. Akatero ankatumiza vidiyoyo pa tsamba la mpingo wawo. Kuno ikamati 8 koloko, kumudzi imakhala 3 masana, ndiye ankafuna ifike anthu asanakumane pa mapemphero a madzulo. Vidiyoyo inkadzaza njira yonse yotulukira.

Anti anayesa kulankhula mozungulira. Powapatsa tiyi anati, "Alamu, intanetiyi m'mawa ikumativuta."

"Mwaonanso inu?" anatero a Hamilton. "Ine kaulaliki kamodzi ndikumaapuloda ola lathunthu ndi theka. Ku America kwenikweniku. Ku Ntcheu timanamizira mitengo, kuno munamizira chiyani?"

Anaseka onse. Anti anatenga makapu kupita nawo kukhitchini.

Nditamva, ndinawauza pa foni kuti rauta ili ndi apu yoiyendetsera pa foni, angathe kuimitsa foni ya a Hamilton kwa ola limodzi iwo osadziwa.

"Ndimane mlendo mobisa m'nyumba mwa mng'ono wake?" anatero. "Akadzadziwa nkhope ndidzaiika pati?"

"Ndiye ingowauzani, Anti."

"Iwe unakulira kuno kwambiri. Amene aja si alamu ongoseka nawo, ndi apongozi anga. Munthu wasiya munda wake kudzasambitsa mwamuna wanga, ine ndikamuuze kuti mawu a Mulungu akuwonongera ntchito? Kuli ngati kumuwerengera chakudya. Nkhani yotere ili ndi odutsiramo ake."

Odutsiramowo anali bambo anga, a Lyson. Ankhoswe enieni a Anti ali ku Malawi, ndiye bambo ndi amene amaimira mbali yawo kuno. Bambo anamvetsera, anavomereza kuti nkhaniyo ndi yoona, kenako anakumbutsa Anti chinthu chimene onse ankachidziwa. Dandaulo la mkazi limapita kwa nkhoswe yakuchimuna, ndipo nkhoswe yakuchimuna anali a Hamilton omwewo.

"Zoterezi si za pa foni, achemwali," anatero bambo. "Munthu wamkulu amafuna kumukhalira pansi. Ndibwera Loweruka."

Kuchokera ku South Bend ndi ulendo wa pafupifupi maola atatu. Loweruka loyamba kunagwa sinowo, chipale choyera chija, msewu sunali woyendamo. Lachiwiri lotsatira Anti analephera kachiwiri. Anayamba kulowa mochedwa, 9 koloko itadutsa, koma woyang'anira anawalembera kuti m'mawa ndi mmene zipatala zimafuna anthu, ndipo shifiti anasainira ndi ya 8. Loweruka lachiwiri bambo anawaitana kuntchito. Anti anayamba kudzuka n'kumamvetsera pa masitepe. Akamva a Hamilton akuyesa mawu, "Okondedwa mwa Ambuye," ankadziwa kuti nambala ija igwa. Tsiku lina anawapempha kuti ayambe kaye kumeta a Kenan, n'kupeza mphindi makumi awiri zolowera. Mawa lake analibe chifukwa china.

Lachinayi la sabata yachitatu anadutsa mayeso a m'mawa chifukwa a Hamilton anachedwa kuyamba. Pofika 8:20 anali pa vidiyo ndi dokotala wina komanso mayi woyembekezera wa ku Dzaleka, amene ankamuuza kuti mwana wakhala mopingasa ndipo afunika opareshoni tsiku lomwelo. Anti anayamba kumasulira. Antiwo ankawaona bwinobwino onse awiri, ankamva chilichonse. Koma dokotala anayamba kuitana womasulira kuti, "Interpreter? Interpreter?" ndipo mayiyo anayandikira pa sikirini n'kumati, "Amayi, mwati chiyani? Mwana watani?" Anti anabwereza kanayi, mokweza, mpaka a Kenan anayamba kugogoda mpando. Kenako vidiyo inaduka. Pansi pa nyumba a Hamilton ankaimba chapansipansi, akudikira kuti ulaliki wawo upite.

Imelo inafika madzulo a tsiku lomwelo. Chipatala chinadandaula, ndipo kampani inawerenga kuti n'kachitatu.

Bambo anapita Loweruka, ine ndinawaperekeza. Anakhala pa balaza ndi a Hamilton, Anti ali pa kampando pafupi ndi khomo. Bambo anayamba ndi za mvula ya kumudzi, za mitengo ya feteleza, za kuthokoza ntchito imene alendo akugwira. Panapita theka la ola asanatchule intaneti. Anti anabweretsa kope lija, a Hamilton n'kuvala magalasi. Nawonso anali mphunzitsi, sanafune wowafotokozera. Anatsetsereka ndi chala pa mzere wa nthawi, kenako pa mzere wa mayina.

"Mlamu," anatero, "ine ndikanatha kumatumiza 6 koloko. Kapena kusiya kumene. Amaonera ndi anthu khumi ndi awiri."

Bambo anati, "Ndi ulemu, akulu. Anakulemekezani."

A Hamilton anavula magalasi, anapita kukakhala pafupi ndi mng'ono wawo, n'kuyamba kumukonza kolala imene inali yokonzeka kale.

Anti analembera kampani kupempha kuti awaganizire. Anayankhidwa kuti adzayesenso pakatha chaka. Pano abwerera ku nyumba ya okalamba ku Lawrence, amachoka 6 koloko m'mawa atamanga lamba wa msana. A Hamilton sanajambulenso ulaliki. Iwo ndi Anti amapatsana moni mwaulemu kuposa kale, ndipo sakhalitsa m'chipinda chimodzi. Chilolezo cha a Hamilton chokhala kuno chikutha mu Epulo. Amene adzatsale ndi a Kenan masana sakudziwika, ndipo mayi wa ku chipatala amene amawayendera wayamba kutchula za kuwapezera malo okhala, ngati omwe Anti akugwirako ntchitowo.

Pobwerera, titadutsa tauni ya Kokomo, bambo anati nkhaniyi yakambidwa mwa dongosolo ndipo yatha, isamvekenso kwa anthu. Pambuyo pake ndinafunsa Anti ngati ndingailembe, anati, "Lemba, ine ndatopa." Ndiye ndailemba, ndipo Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi ndiitumiza pa gulu la Amalawi a ku Indiana, bambo ndisanawauze.