Mukule wa Jelita

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinakana mkulu wanga pa chimkuzamawu, theka la komboni yathu ya Kanyama likumva. Nkhaniyi sindiikamba kawirikawiri. Yandibwerera chifukwa masiku apitawa anzanga a kuntchito anakangana mpaka tiyi kuzizira. Ena ankati mipingo yonse ndi kalti basi, magulu ogwira anthu m'maso nkuwatsekera mumpanda, kungosiyana kukula. Ena ankati kalti ndi mpingo wa enawo, wawo ayi. Ine ndinangozindikira kuti dzanja langa likusisita tsitsi.

Tinkakhala m'zipinda ziwiri za lendi, ine, amayi ndi mkulu wanga Jelita. Bambo anamwalira ndili wamng'ono. Amayi ankaphwanya miyala m'mphepete mwa msewu, ndipo zala zawo zinali zong'ambikang'ambika moti akagwira tsitsi langa linkakodwa m'ming'alu. Choncho mutu wanga inali ntchito ya Jelita. Loweruka lililonse masana ankakhala pachigubu, ine pansi pakati pa mawondo ake, nkundiluka mukule, mizere ija yogona pamutu. Wake unali wodziwika: mizere yopyapyala yokhota kuseri kwa khutu, nkukathera pakhosi ndi kamchira. Ankakoka mopanda chisoni, ndipo ndikadandaula ankandigogoda ndi chipeso.

Tinkapemphera ku Msasa. Unali mpingo wamalata, denga ndi makoma omwe, ndipo pamwamba pake panali chimkuzamawu chimene chinkafikitsa ulaliki mpaka kumpopi wa madzi. Mtsogoleri wathu tinkamutchula kuti Papa. Ndisaname, ku Msasa kunali zabwino. Bambo atamwalira, anthu a kumeneko ndi amene anagona pamaliro. Dzinja lina madzi atalowa m'nyumba mpaka m'mawondo, ndi iwo anabwera ndi ndowa. Anzanga kusukulu akamanditi wa ku kalti, ndinkawayankha molimba mtima kuti Yesu wathu ndi yemweyo wa kwawo, ndipo buku lathu ndi lomwelo.

Jelita atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, Papa analota kuti akwatiwe ndi mkulu wina wa mumpingo, bambo wofedwa mkazi, wa ana anayi. Jelita anakana. Anamupempherera, anamusalitsa kudya, anakanabe. Pamenepo anamutcha wotuluka, ndipo lamulo la wotuluka tonse tinkalidziwa: sapatsidwa moni, sadya ndi abale, dzina lake silitchulidwa. Amayi anamumangira zovala m'chitenje osamuyang'ana kumaso. Iye anakakhala ndi mnzake mbali ina ya komboni, nkuyamba kuluka anthu tsitsi pansi pa mtengo pafupi ndi mpopi, panjira yeniyeni ya kusukulu kwanga.

Miyezi iwiri ndinkadutsa tsidya lina la ngalande, maso pansi. Kunyumba mphasa inakula. Ndinkagona chakumphepete ngati kale, kusiya malo a munthu amene sankabwera. Amayi anayesa kundiluka kamodzi, koma mizere yake inamasuka ndisanafike pageti la sukulu. Kutchalitchi duku loyera linkandibisira manyazi, koma kusukulu duku sankalola, ndipo anzanga anapeza choseka chatsopano.

Lachisanu lina ndikuweruka, ndinamva mawu amene ndinkawathawa.

"Iwe Dailesi, bwela kuno. Mutu wako uoneka monga nyumba ya makoswe."

Ndinaima. Ndinamuuza, maso ali kumbali, kuti anatiletsa kumupatsa moni.

"Sininakuuze kuti unipase moni. Nkhala pansi."

Ndinakhala. Anandilowetsa pakati pa mawondo ake, nkuyamba kung'amba mizere ndi kumchira kwa chipeso. Kuyambira pamenepo mpaka kumaliza sitinalankhulane, ndipo mumtima ndinkadziuza kuti lamulo sindinaphwanye. Chitenje chake chinkanunkhira sopo yemwe uja wa kunyumba. Misozi inatsika, iye nkundigogoda ndi chipeso kuti ndisagwedezeke, ngati kuti ndikulira kuwawa.

Amayi anaona mutu wanga madzulo amenewo. Anauyang'ana nthawi yaitali, kenako anandituma kukagula makala. Lamlungu anandimanga duku okha, mfundo ziwiri, molimba mpaka mutu kupweteka.

Tinaiwala za mafuta. Lamlungu loyamba la mwezi ana tinkandanda kuti atidzoze pamphumi, ndipo wodzoza anali Amayi Sakala, mkulu wa azimayi, amene ana awo aakazi Jelita anawaluka zaka zambiri. Anakankhira duku langa m'mbuyo pang'ono, chala chawo nkuima. Analivula lonse, nkunditembenuza mutu kuti aone kuseri kwa khutu.

"Uyu mukule niuziba," anatero. "Ni manja ya wotuluka aya."

Papa sanakalipe. Analankhula mofatsa, ngati munthu wondimvera chisoni, kuti manja a wotuluka asiya mdima pamutu pa mwana, ndipo mdimawo uyenera kuchoka. Anabweretsa sizasi nkupatsa amayi anga. Ndinagwada kutsogolo, mpingo ukuimba. Ndinkamva zala zokakala zija pakhosi panga, ndipo mizere ya Jelita inkagwa pasimenti umodzi umodzi. Amayi anadula mosamala kwambiri, sananditeme ngakhale pang'ono.

Chilango chenicheni chinali cha pambuyo pake. Masabata anayi ndinkakhala panjerwa pafupi ndi khomo, ndipo ana a ku Msasa anauzidwa kuti asandilankhule, kutchalitchi kapena panjira. Ana a oyandikana nawo nyumba ndinali nditawakana kale, poti anali akunja kwa mpingo. Kusukulu mutu wometa unawonjezera chipongwe. Kunyumba amayi ankandipatsa chakudya ndi kundifunditsa, koma mawu anali atawathera. Ndimakumbukira masana ena ndili kuseri kwa nyumba, ndikusewera chiyato ndekha, masewera a timiyala aja, kuponya mwala nkuuwakha, nkudziuza ndekha kuti walephera, tsopano ndi nthawi ya mnzako. Sindinayambe ndasungulumwapo chotero. Ndinkadana ndi Jelita chifukwa chondiitana, ndipo ndinkamufuna koopsa.

Lamlungu lachisanu anati ndikhoza kubwerera, bola ndinene mawu pamaso pa mpingo. Papa anawerenga vesi lina lonena za abale enieni a munthu wokhulupirira. Si vesi lachinsinsi, ndalimvanso likuwerengedwa m'matchalitchi akuluakulu a belu ndi mawindo agalasi. Kenako anandiikira maikolofoni pakamwa nkundiuza zoti ndinene. Ndinkadziwa kumene chimkuzamawu chimafika. Ndinkadziwanso kuti Lamlungu Jelita amakhala pansi pa mtengo uja tsiku lonse, poti ndi tsiku la makasitomala ambiri. Koma ndinali nditatopa ndi njerwa.

"Nilibe mukulu wanga," ndinatero. "Abale anga ni aba bali muno."

Mawu anga ndinawamva akutuluka padenga, aakulu kuposa ine. Nthungululu zinalira. Amayi Sakala anandikumbatira, ana anandisunthira malo pabenchi, wina anandigawira chitumbuwa. Ndinakhala pakati pa anthu onsewo ndili ndekha kuposa mmene ndinalili pakhomo paja.

Lolemba pansi pa mtengo panalibe munthu, panangotsala timapepala ta mesh, tsitsi loikirira lija, ndi chigubu chophwanyika. Tinamva kuti Jelita wapita ku tauni ya Kafue.

Msasa sunakhalitse. Patapita zaka zingapo akulu ake anakangana, mpingo unagawikana, ndipo ine ndi amayi tinangosiya kupita. Palibe wa kumeneko amene anatipatsanso moni. Amayi anamwalira asanaonanenso ndi mwana wawo woyamba. Jelita anafika pamaliro, anakhala kumbuyo ndi anthu odutsa, nkubwerera tsiku lomwelo.

Ine ndinalimba mtima nditakula, ndili kale pantchito. Ndinapita ku Kafue nkumupeza Jelita ali ndi saluni yakeyake, atsikana atatu akumugwirira ntchito. Anandilandira bwino, anandigulira chakumwa chozizira, anafunsa za ana anga. Ndinapepesa, iye nkunena kuti ndinali mwana, zinapita zimenezo. Ndiye ndinavula mpango nkupempha kuti andiluke mukule. Ndinali nditayang'ana kale pansi pomwe ndikhale. Iye anandiyang'ana mutu kwa kanthawi, kenako anatembenukira mmodzi wa atsikana aja.

"Mwape, bamange aba ba kasitoma. Usabakoke maningi."

Anandikhazika pampando wofewa, kutsogolo kwa galasi. Mtsikanayo analuka bwino, osakoka kwambiri monga anamuuzira, ndipo sindinamve kuwawa kulikonse.

Lero ndimapempherabe, mumpingo waukulu umene palibe angautchule kuti kalti. Koma sindidzitama nawo. Chaka chatha mtsikana wa m'kwaya atatenga mimba, ndinaona azimayi akusuntha pabenchi mwakachetechete, ndipo ndinazindikira njerwa ija ngakhale panalibe njerwa. Ndinanyamuka nkukakhala naye.

Ndiye anzanga akamakangana za dzina, ine dzinalo silinditengera nthawi. Ku Msasa tinali ndi Yesu yemweyo, buku lomwelo, nyimbo zomwezo, ndipo madzi atalowa m'nyumba anabweradi ndi ndowa. Kuchepa kwa mpingo kapena kuchuluka kwa malamulo si kumene kunatiwononga. Chimene ndimayang'ana, kaya ndi kutchalitchi, kumzikiti kapena kwina kulikonse, ndi mmene amachitira ndi munthu amene wati ayi, komanso chimene amafuna kuti otsalawo amuchite kuti akhalebe pabenchi. Kumene angapemphe mwana kuti akane m'bale wake, mutchuleko dzina limene mukufuna, ine ndinapitako kale. Malo a pabenchi anandibwezera tsiku lomwelo. Pakati pa mawondo a Jelita sindinakhaleponso mpaka lero.