A Zakeyu m'Wodi ya Ana

A Zakeyu Thombozi amakonza njinga pansi pa mtengo wa mthethe m'mudzi wina kwa Nthache. Anthu amawadziwa kuti sakonda kubwereza mawu. Ukawafunsa kawiri kuti njinga yako itha liti, amangokupatsa sipanala kuti umalize wekha.

Chaka chatha mwana wawo wamkazi, Tiyamike, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anagwa mumtengo wa mango n'kuthyoka ntchafu. Bala linachita mafinya mpaka m'fupa, ndipo atapita naye kuchipatala cha pa boma, adokotala anamuchita opaleshoni n'kunena kuti agonekedwa nthawi yaitali. Mayi a mwanayo, a Flossie, anali atangobereka kumene mapasa, moti sakanatha kukhala m'wodi ndi makanda awiri. Choncho gadiyani wa mwanayo anakhala a Zakeyu, mwamuna yekha pakati pa amayi okhaokha.

Funso linali limodzi tsiku ndi tsiku: mayi ake ali kuti? Anamwino ankafunsa, okolopa ankafunsa, ngakhale azibusa obwera kudzapempherera odwala ankayamba ndi lomwelo asanatsegule Baibulo. Sabata yoyamba a Zakeyu ankafotokoza bwinobwino za mapasa. Yachiwiri ankangoti ali kumudzi. Pofika yachitatu analemba yankho lawo pakatoni n'kupachika kumutu kwa bedi, koma anthu ankawerenga, kenako n'kufunsabe.

Kumalo ophikira magadiyani amayi ankasiya zochita zawo n'kumawaonerera akukoleza moto. Pampopi ankawalanda zovala za mwana, amvekere akuchapa ngati akutsuka tcheni cha njinga. Tiyamike naye ankakana phala la bambo ake, ati lili ndi mibulu, ndipo ankalira kuti tsitsi lake lapotana ngati la wamisala. Amene anawamvera chisoni ndi a Mwanasha, ogulitsa zitenje mumsika wa pa boma, omwe ankadikirira mdzukulu wawo pabedi loyandikana ndi la Tiyamike. Iwo sanafunse kanthu. Anangowakhazika pansi n'kuwaphunzitsa kuluka tsitsi. Mizere yoyamba inakhota ngati njira ya mbuzi, koma mwana anatonthola.

Sabata yachisanu ndi chiwiri kunabwera Petro, mng'ono wa a Zakeyu amene anamusiyira malo okonzera njinga aja. Anabwera chimanjamanja, koma atasenza uthenga wa akuluakulu a kubanja: mwana atulutsidwe, apite naye kwa mneneri wina wa kumalire, chifukwa mwendo wosapola miyezi iwiri si wa chipatala. A Zakeyu anayamba afunsa za zipangizo zawo. Petro anakanda m'mutu n'kunena kuti pampu anabwereketsa ndipo sinabwerere, masipanala ena ali kwa mnzake wa kabaza, guluu anauma chifukwa anaiwala kutseka.

"Walephera kusunga pampu, ndiye ukufuna ndikupatse mwana?" anatero a Zakeyu. "Kawauze amene akutumawo kuti abwere adzachape nsalu za mafinyazi sabata imodzi yokha. Akatero tikambirana za mneneri."

Palibe amene anabwera. Uthenga wokha ndi umene unafika, woti a Zakeyu ayamba mwano chikhalireni pa boma.

Tiyamike anamuchita opaleshoni yachiwiri, ndipo masiku atatu otsatira thupi linatentha mpaka mwanayo analeka kuyankhula. A Zakeyu anakhala pambali pake ndi kansalu konyowa, osadya. Tsiku lachinayi mwana anatsegula maso n'kupempha mandasi.

Anatuluka patatha masabata khumi ndi imodzi, Tiyamike akuyendera ndodo ziwiri, mwendo wodwalawo utafupika pang'ono. Kunyumba mapasa anali atayamba kale kuseka, koma ataona bambo awo analira onse awiri, popeza sankawadziwa.

Masiku ano, Lachinayi loyamba la mwezi uliwonse, a Zakeyu amamukweza Tiyamike panjinga kupita naye kukaonana ndi adokotala. Anawotcherera kachitsulo kumbuyo kwa njingayo koti azitsamiritsapo mwendo, ndipo makolo awiri a kwa Kanduku, omwe ana awo ali ndi vuto la mwendo, abwera kale kudzapempha kuti awakonzere kotero.