Tsiku Limene Miyendo Inandiuma ku Tengani

Mwana wanga akudzipaka mafuta onunkhira bulugamu m'miyendo, akudandaula kuti timu yawo yasewera Lachitatu ndi Loweruka lomwe. Fungolo landibwezera ku Tengani, ndili kupulayimale.

Bambo wina wofuna uphungu anaika chikho cha mpira, ndipo ankafuna kuti chithe kampeni isanatsekedwe. Ndiye tinkasewera m'mawa, masana n'kubwereranso, mawa lakenso chimodzimodzi, opanda nsapato, mchenga ukuotcha kumapazi. Kochi wathu, a Fombe, ankatiletsa kumwa madzi.

"Madzi amalemeretsa mimba! Ingochukuchani n'kulavula!"

Pa fainolo katumba wanga anauma gwa, ndipo ndinagwa pansi ndikukuwa. Ndinali nditaona goloboyi wa timu ya ku Mbenje, yomwe tinkasewera nayo, akukwirira kanthu pagolo pake, choncho sindinakayike n'komwe.

"Akochi, andiponyera mankhwala! Mwendo wanga wafa!"

"Dzuka iwe! Abwana akuonerera!"

A Fombe anandikoka chala chachikulu chakuphazi, kundipaka mafuta onunkhira bulugamu omwewa, n'kundikankhiranso m'bwalo. Ndisanaukhudze n'komwe mpira, mwendo winawo unaumanso. Mayi anachita kunditenga panjinga, njira yonse akukalipa m'Chisena, anthu a m'minda ya mapira akutiyang'ana. Sabata yonse ndinkapita kuchimbudzi chokwawa, ndikutukwana goloboyi uja chamumtima.

Mpaka lero zimandipsetsa mtima kuti mwana wa eni ake ndinadana naye zaka zambiri, pomwe amene anandipweteka anali akuluakulu aja, atakhala phee pamthunzi, akumwa madzi ozizira.